Amayi Amene Anasiya Kubwera ku Sikelo

Sikelo yathu inkachitika Lachitatu loyamba la mwezi uliwonse pabwalo la tchalitchi chathu ku Chinsapo. Munali m'zaka zija matipate atangobwera kumene, anthu akadali ndi mabala a chilala. Chipatala chinali kutali kwa mayi wobereka mwana kumbuyo wina ali kumanja, ndiye ife amayi a kumpingo tinagwirizana zoti tizipima ana pompo. Mwana akapezeka kuti watsika, make ankalandira ufa wa phala wosakaniza ndi soya, umene unkachokera kwa abale ena achifundo a kunja.

Ine nthawi imeneyo ndinali mayi wa ana atatu. Bambo a kunyumba ankagwira ntchito ku Kanengo, kuchoka kusanache, kubwera dzuwa litalowa. Ndinali ndi makina osokera pakhonde, koma kukhala pansi kunkandivuta. Ndikasoka mkono umodzi wa diresi ndinkadzuka kukafunsa aneba ngati madzi abwera pa kiyosiki, kubwerera, kusoka pang'ono, kudzukanso. Apongozi anga ankati ndimayenda ngati nkhuku yofuna kuikira. Ndiye atafuna anthu odzipereka pa sikelo, dzanja loyamba kukwera linali langa.

Anandipatsa ntchito yowerenga sikelo chifukwa ndinalekeza Fomu 2 ndipo manambala sankandizunguza mutu, komanso chifukwa cha mawu. Mawu ndinali nawo. Pamaliro ndine ndinkayambitsa nyimbo. Sikelo tinkaipachika panthambi ya mtengo wa mango pakati pa bwalo, pomwe tebulo la alembi athu, mayi wachikulire wa magalasi, linkakhala pakhonde la tchalitchi kuopa mphepo youlutsa mapepala. Pakati pa mtengo ndi khonde pankakhala amayi onse, miyendo atatambasula pa kapinga. Ine ndinkamuveka mwana kabudula wa sikelo, kumukoleka, kudikira muvi uleke kunjenjemera, kusuzumira pa khadi kuti mwezi watha zinali bwanji, kenako kukuwa kuti alembi amve:

"Naini hafu! Wakwera!"

Kapena: "Seveni! Watsika! Apite ku ufa!"

Ndinkanyadira kuti mzere wanga suchedwa. Pofika naini koloko ya m'mawa theka la bwalo linkakhala litapita kwawo.

Wotitsogolera anali namwino wopuma pantchito, wochokera kumpoto, amene ankakhala ku Area 25. Tonse tinkangowatchula kuti Anesi. Ankakwera maminibasi awiri kuti afike kwathu, ndipo tsiku la sikelo ankakhala m'kachipinda ka kuseri kwa guwa kuona ana odwala.

Tsiku lina kunabwera kalata kuchokera kwa otithandiza aja. Ankafuna kudziwa ngati ntchito yathu ikupindula asanatumize ufa wina. Tinakumana Lamulungu mapemphero atatha, titakhala pa mabenchi a kutsogolo. Atcheya a komiti, mkulu wa mpingo amene anapuma ntchito ya ukalaliki, anati nkhaniyi ndi yosavuta.

"Tilembe kuti ana tapima ochuluka chotere, matumba tagawa onse, palibe lomwe lasowa. Basi."

Anesi anapukusa mutu. Chichewa chawo chinkatuluka pang'onopang'ono, chokoka ngati cha kwawo. "Abambo, thumba kutha si mwana kuchira. Anthuwa akufunsa ngati ana amene anatsika aja anakweranso. Ifeyo tikudziwa?"

Anatsegula kaundula pa benchi n'kuyamba kuyendetsa chala. Mwana aliyense anali ndi mzere wake, mwezi uliwonse kabokosi kake. Mizere yambiri inkayamba bwino, timabokosi tiwiri, titatu, kenako mbee mpaka kumapeto kwa tsamba. Kaundulayo ine ndinkamuona mwezi ndi mwezi, koma ndinali ndisanamuyang'anepo chopingasa choncho.

"Ulesi," anatero Atcheya. "Amayi a masiku ano. Tigule chimkuzamawu, mayi awa azizungulira m'makwalala kuwakumbutsa."

Ankaloza ine, ndipo kunena zoona mtima wanga unadumpha. Ndinadziona kale ndikuyenda Chinsapo yense, chimkuzamawu chili pakamwa.

"Tisagule mankhwala tisanadziwe matenda," anatero Anesi. "Tiyambe tafunsa."

Tinakonza mafunso khumi, mwana wa Atcheya n'kukatitayipira kuntchito kwake. Kodi sikelo imakuthandizani? Eya kapena ayi. Kodi ufa umakwanira? Kodi odzipereka amakulandirani bwino? Sindinafune kudikira. Lachitatu la sikelo litafika, tsiku limene Anesi anali kumaliro ku Kawale, ndinatenga mapepala onse, ndipo mayi aliyense wotsitsa mwana pa sikelo ndinkamufunsa pompo, pensulo ili m'manja.

Mayi wina anayang'ana pepala, n'kuyang'ana ine.

"Mukulemba dzina?"

"Ayi, dzina sitilemba."

"Ndiye lembani kuti zonse zili bwino."

Masiku amenewo anthu anali asanazolowere kuti munthu angadandaule pepala likulembedwa. Pofika masana ndinali ndi mulu wa ma eya okhaokha. Lamulungu ndinaupereka kwa Anesi ndi manja awiri, ndikumwetulira. Anawerenga mapepala anayi, asanu, n'kuuika muluwo pambali.

"Amama, mwafunsa amene abwera kuti atiuze za amene sabwera. Ndipo wofunsayo ndi yemweyo amanena kuti uyu apite ku ufa, uyu ayi. Mukanakhala inu mukanayankha chiyani?"

Ndinapsa mtima, n'kutola mulu wanga wa mapepala.

Loweruka lotsatira Anesi anatiitana ine, alembi ndi Atcheya. Anabwera ndi mbale ziwiri, chimanga chodzaza dzanja ndi nyemba zodzaza dzanja. Anati titsate mzere uliwonse umene unathera panjira. Ngati mwanayo anali atakwera ulendo wake womaliza, tiponye njere ya chimanga m'mbale iyi. Ngati anali atatsika, nyemba m'mbale iyo. Alembi ankawerenga, ine ndinkaponya. Poyamba ndinkaona ngati masewera a ana, mwendo wanga ukugwedezeka pansi pa benchi. Koma titadutsa masamba angapo ndinazindikira kuti dzanja langa likungobwerera ku nyemba. Pomaliza, chimanga chinali chisanatseke n'komwe pansi pa mbale, pomwe nyemba zinali zitaunjikana.

Anesi anakankhira mbale ya nyemba kwa Atcheya. "Awa ndi amene tinawauza kuti azilandira ufa mwezi uliwonse. Abambo, munaonapo waulesi wothawa ufa waulere chaka cha njala?"

Atcheya anavula magalasi n'kuwapukuta.

Tinagawana mayina a m'mbale ya nyemba kuti tikawapeze m'makomo mwawo. Ulendo uno pepala linali ndi funso limodzi lokha ndi malo aakulu olembapo: chinakuletsani n'chiyani? Ine ndinapempha mayina ochuluka kuposa anzanga.

Kufufuza munthu ku Chinsapo si masewera. Nyumba zinalibe manambala. M'kaundula munkangolembedwa kuti kuseri kwa chigayo, pafupi ndi mjigo wakufa, kwa alandilodi a njinga yamoto. Zigayo zinalipo zingapo, ndipo chilichonse chinali ndi kuseri kwake. Unali mwezi wa October, dzuwa lowotcha pa liwombo, fumbi lolowa mpaka m'mano. Ndinkachoka ana akapita kusukulu, kubwera miyendo itayera mpaka m'mawondo. Wina ndinamva kuti anasamukira ku Kauma. Wina anabwerera kumudzi mwamuna wake atachotsedwa ntchito. Pakhomo lina ndinafika ndikuodira mokweza, ndikutchula dzina la mwana, n'kupeza kuti mwanayo anaikidwa m'manda miyezi iwiri yapitayo. Ndinabisa pepala m'chitenje, n'kukhala pansi kupepesa. Amene ndinawapeza ankandiyankha mwachidule, maso ali kumbali. Ndinatanganidwa. Kwatalika. Ndidzabwera mwezi wa mawa.

Panali mayi mmodzi wachitsikana, wa kwawo ku Mchinji, amene ankachita lendi chipinda chimodzi pa mdadada wa nyumba kuseri kwa chigayo cha kumunsi. Mwamuna wake anali mlonda panyumba ina ku Area 47. Ndinkamudziwa chifukwa kale ankagulitsa mandasi m'mbali mwa msewu wa ku Likuni. Ulendo woyamba anandiona ndikukhota pa chigayo, n'kulowa m'nyumba. Nditafika chitseko chinali chotseka, aneba n'kundiuza kuti achoka, pomwe mapatapata ake anali pakhomo. Ulendo wachiwiri chimodzimodzi. Zinandivuta mumtima. Anthu ena ankandinamiza, koma uyu ankandithawa.

Ulendo wachitatu ndinasiya pepala kunyumba. Ndinamupeza kudambo, pachitsime chokumba ndi makasu, akuchapa yunifolomu ya mwamuna wake. Mwana anali atagona pa chitenje pamthunzi wa nthochi. Ndinamuyang'anitsitsa mwanayo. Tsitsi lofiirira lopyapyala, timikono ngati timitengo, mapazi otupa.

Ndinagwada n'kutenga malaya amodzi kuyamba kutsukuluza.

"Achemwali, ndinakulakwirani chiyani? Kawiri konse mwanditsekera chitseko."

Anapitiriza kuchapa kanthawi. Kenako osandiyang'ana anati, "Amayi, mwabwera ndi mawu anu aja?"

"Mawu ati?"

"Aja munakuwa nawo. Sikisi! Watsikanso kachiwiri! Apite ku ufa! Ndimawamvabe mpaka lero."

Ndinasiya malaya m'beseni.

Anandifotokozera zonse, mawu ake osakwera, osatsika, manja ali pa sopo. Tsiku limenelo alandilodi ake aakazi anali pa kapinga pomwepo ndi mdzukulu wawo. Pofika madzulo mdadada wonse unali utamva. Ena anati ndi tsempho, bambo wa mwanayo poti sagona pakhomo ndiye kuti ali ndi chibwenzi kumayadi. Ena anati ayi, ndi matenda a masiku anowa, taonani make yemwe khosi layamba kutalika.

"Beseni la mandasi ndinkapita nalo kumsewu lodzaza n'kubwera nalo lodzaza. Anthu amene ankandigula tsiku ndi tsiku ankadutsa ngati sakundiona. Aneba analetsa ana awo kulowa kwathu. Bambo ake atamva anati ndawavula pagulu. Anati ndikadzapitanso kumtengo kuja ndidzangopitirira mpaka ku Mchinji."

"Nanga ufa? Bwenzi mukungobwera kudzatenga ufa wokha."

Anaseka pang'ono. "Wa m'jumbo yachikasu uja? Ndani saidziwa jumbo imene ija? Kuyenda nayo kuchoka kutchalitchi mpaka kuno kuli ngati wanyamula mbendera."

Ndinafuna kudziteteza, ndipo ndinadziteteza. "Komatu ine ndimangonena zimene sikelo yanena."

"Sikelo simakuwa, Amayi. Imangoloza."

Ndinamuuza kuti apite naye mwana kuchipatala. Anati aona. Ndinamuthandiza kufinya zovala, kumusenzetsa beseni, n'kubwerera kwathu ndikuyenda mwandawala ngati wina akundithamangitsa.

Kunyumba ndinatenga pepala lake. Ndinakhala nalo pakhonde, kudzuka, kukamwa madzi, kubwerera. Pamalo aakulu olembapo aja ndinalemba liwu limodzi: kwatalika. Chonsecho nyumba yake belu la tchalitchi limamveka bwinobwino.

Sabata imeneyo palibe chinandiyendera. Ndinadula nsalu ya kasitomala mikono iwiri ya mbali imodzi. Ndinakalipira ana popanda chifukwa. Kawiri ndinanyamuka kulowera kuchigayo cha kumunsi, n'kubwerera ndili panjira. Ndinkadziuza kuti ndi munthu mmodzi yekha, kuti alandilodi aja ndiwo amiseche, kuti ine ndinadzipereka kwaulere, dzuwa lonse lija, chifukwa cha ana a eni.

Lachitatu la sikelo linafika. Mwana wachinayi kapena wachisanu amene ndinakoleka anali atatsika. Ndinayang'ana muvi, kuyang'ana khadi, n'kutchula nambala motsitsa.

"Sitikumva kuno!" anakuwa alembi ali pakhonde. "Kwezani mawu! Wakwera kapena watsika?"

Aka kanali koyamba kuti ndichotse maso pa sikelo n'kuyang'ana amayi a pa kapinga. Onse anali atatembenuka. Ena ankayang'ana miyendo ya mwana ali lende pa kabudula, ena ankayang'ana make, awiri n'kugundana zigongono. Make mwanayo anali ataweramitsa mutu, akupotokola nsonga ya chitenje. Ndinamutsitsa mwana, kutenga khadi, n'kuyenda nayo ndekha mpaka pakhonde. Tsiku limenelo ndinayenda pakati pa mtengo ndi khonde mpaka dzuwa linafika pamutu, amayi akung'ung'udza kuti kodi lero kwagwanji.

Titaweruka ndinaperekeza Anesi kokakwerera minibasi, nditawanyamulira chikwama. Ndinawauza zonse, za kudambo, za mandasi, za liwu limene ndinalemba pa pepala. Ndinkayembekeza kuti andikalipira za bodza lija. Iwo anaima pakati pa njira.

"Mwati mapazi otupa?"

"Eya."

"Munamuona liti?"

"Lolemba la sabata yatha."

"Masiku naini, amama? Mwana wotupa mapazi?"

Kondakitala ankawakuwira kuti malo alipo, koma iwo anatembenuka. "Tiyeni. Nditsogolereni."

Tinapeza bambo wa mwanayo atangodzuka, akukonzekera ulendo wa kuntchito. Anali wamtali, wamaso ofiira ndi tulo tosakwana. Atandiona nkhope inasintha, koma Anesi sanamupatse mpata. Anakhala pansi pakhomo, miyendo atatambasula ngati kwawo, n'kupempha kuti amuone mwana. Anadina phazi la mwanayo ndi chala, pamalopo n'kutsala dzenje.

"Bambo, bwerani muone. Kutupa uku si tsempho, ndiponso palibe munthu angadziwe za matenda enawo pongoyang'ana ndi maso. Ine ndagwira ntchito m'chipatala mpaka imvi izi. Mwanayu thupi lake likusowa chakudya, ndipo pafika apa phala lokha silingamudzutse. Akufunika kugonekedwa. Tikachedwa timutaya."

"Anthu anena zambiri, Amayi," anatero bamboyo. "Ine kuntchito n'kwa anthu aulemu. Zikamveka kumeneko..."

"Anthu anena chifukwa ife kutchalitchi tinalakwitsa kagwiridwe ka ntchito. Zimenezo tikonza ndife. Inu konzani za mwana."

Bamboyo anayang'ana dzenje lija pa phazi, lisanabwererebe. Anati m'mawa akangoweruka awaperekeza. Mayi uja nthawi yonseyi sanalankhule nane.

Pobwerera, titafika pa chigayo, Anesi anaima. Kenako anati, "Ine ndakhala m'kachipinda muja zaka ziwiri ndikukumvani mukukuwa. Mumtima ndinkati ntchito ikuyenda. Mlanduwu si wanu nokha. Koma pepala lija mukalikonze, mulembe zimene anakuuzani."

Anatinso nkhani ya munthu mmodzi siingatigwetsere mtengo. Mwina ena anali ndi zifukwa zina. Anapempha mayi wina wogulitsa nkhuni, wa mpingo wina, amene anthu ankamukhulupirira, kuti aitanire pakhomo pake amayi angapo mwa osiya aja. Pasakhale pepala, pasakhale wa komiti, pakhale tiyi ndi buledi basi.

"Inu musabwere," anandiuza.

Masana a tsiku limene amayiwo anakumana ndinapita kumsika katatu. Koyamba kukagula tomato, kachiwiri anyezi, kachitatu sindikumbuka n'komwe. Njira ya kumsika inkadutsa pafupi ndi mpanda wa mayi wa nkhuni uja. Ndinkamva mawu a amayi akulankhula onse pamodzi, nthawi ina kuseka kwakukulu, ndipo ndinamva wina akuyerekeza mawu anga, watsikaaa, anzake n'kufa nacho chikhakhali. Ndinafulumiza miyendo, tomato akugundana m'jumbo.

Zimene Anesi anabwera nazo ku komiti sizinali za ine ndekha. Kukuwa anakutchula pafupifupi onse. Jumbo yachikasu nayo. Ena anati mzere wa ufa unkaima poonekera kumsewu. Awiri anati Lachitatu ndi tsiku lokapikula kaunjika m'tauni. Mmodzi anati ufawo ankaphikira ana onse a m'nyumba, unkatha masiku anayi, ndiye ankaopa kudzafunsidwa chifukwa chake mwana sakukwera. Za ulesi ndi kuiwala palibe anatchula.

Atcheya anavutika nazo. "Ndiye tilembere anthu a kunja kuti ana tinkawathamangitsa ndife? Atimana ufa. Tilembe zabwino, izi tikonze mwakachetechete."

"Tikalemba zabwino zokhazokha adzatitumizira majumbo achikasu ena," anatero Anesi.

Alembi, amene sankalankhula kawirikawiri, anachotsa magalasi n'kunena kuti iwonso ali ndi mbali yawo, chifukwa makutu awo anayamba kugontha ndipo ndiwo ankandiuza kuti ndizikweza. Ine ndinaimirira n'kuwerenga pepala lija nditalikonza. Atcheya pamapeto anavomera, koma anati chimkuzamawu chawo chilembedwebe pa zinthu zofunika. Tinachilemba kumunsi kwenikweni.

Anesi anajambula mizere pa bolodi la Sande sukulu. Chilichonse chimene tinagwirizana ankafunsa kuti achite ndani, liti, ndipo tidzadziwa bwanji kuti chathandiza. Sikelo ichoke pamtengo, ikapachikidwe pa phaso la m'kachipinda, tebulo la alembi pambali pake, azilowa mayi mmodzimmodzi. Ufa mayi azitengera m'chake, kaya poto kaya nsalu, tsiku lililonse limene wafuna, kunyumba kwa alembi. Mayi wa mwana wotsika akajomba, wina akamuone sabata yomweyo, osadikira miyezi. Za ufa wothera ana onse tinakambirana mpaka njala kutipweteka, osapeza yankho. Tinagwirizana kuti pakatha miyezi itatu tidzakhalenso pansi ndi mbale ziwiri zija.

Sizinayende myaa. Mzere unayamba kuchedwa kwambiri, amayi n'kumapsa ndi dzuwa panja. Ena a ana athanzi anasiya kubwera chifukwa cha kudikira. Miseche nayo inapeza njira ina: wokhalitsa m'kachipinda ndiye kuti zake sizili bwino. Ine m'kachipindamo ndinkabanika. Kunong'ona tsiku lonse, pawindo kakang'ono, thukuta lili kamukamu, sizinali zanga. Patatha miyezi iwiri ndinapempha kuti sikelo aziwerenga wina, ine andipatse ntchito yoyendera ojomba. Imeneyo inandiyenera. Ndinaphunzira kufika pakhomo osatchula dzina la mwana ndili kumsewu, kukhala pansi kaye, kufunsa za mvula ndi mtengo wa makala.

Miyezi itatu itakwana tinaponyanso njere. Nyemba zinachepa ndithu, koma zinalipo. Chimanga chinachuluka kuposa kale, chifukwa cha kudikira kuja. Atcheya anati ndiye tapindulanji. Anesi anati amene tinkawafuna kwambiri ayamba kukhala, tsopano tiganize zowonjezera tsiku lachiwiri kuti mzere ufupike. Zonsezi tinazilemba m'kalata ya kwa otithandiza, zabwino ndi zoipa zomwe. Yankho linachedwa mpaka tinataya mtima, koma ufa unabwera, m'matumba oyera opanda chizindikiro.

Mwana wa mayi wa mandasi anakhala m'chipatala masabata angapo. Anatuluka kutupa kutaphwa, tsitsi litayamba kuda kumizu. Make anabwera naye ku sikelo kawiri. Ulendo woyamba tinakumana pachipata, ndinamupatsa moni, iye anayankha ndi mutu wokha n'kudutsa. Mandasi sanayambirenso. Mvula isanathe anasamukira ku Area 23, komwe mwamuna wake anapeza chipinda kwa mbale wake. Ndinafunsafunsa kwa anthu a kumeneko, koma palibe ankamudziwa. Mmene mwanayo anakulira sindidziwa.

Chakumapeto kwa dzinja Anesi anabwera ndi funso lina. Anati kaundula amangotiuza za ana amene anabwerapo. Nanga amene sanapondepo n'kamodzi komwe? Lachitatu lina sikelo itatha tinapempha amayi kuti atsalire. Tinajambula Chinsapo pa dothi la pabwalo ndi ndodo: msewu uwu, chigayo ichi, dambo ili. Tinati aliyense aike mwala pamene akudziwa kuti pali nyumba ya mwana wosakwana zaka zisanu. Amayi anakangana, kufufuta, kujambulanso, wina kulanda ndodo kwa mnzake. Miyala yambiri inagwera malo amene tinkawadziwa. Koma mayi wina wotuta nkhuni zowotchera njerwa anatola miyala yodzaza chitenje n'kukaithira kutsidya kwa dambo, kumene ife pa mapu athu tinangosiya poyera.

"Kumeneko kuli anthu?" anafunsa alembi.

"Oumba njerwa. Abwera ndi mabanja awo kuchokera kumidzi. Amagona m'tizisakasa pafupi ndi mauvuni."

Alembi anatsegula kaundula, kufufuza tsamba ndi tsamba. Panalibe ngakhale dzina limodzi la kutsidyako.

Anesi anati tidzapite tonse mwezi wa mawa, madzi akaphwa. Ine sindikanatha kudikira mwezi. Lolemba m'mawa ndinapempha mayi wotuta nkhuni uja kuti anditsogolere. Pa dambo panalibe mlatho, koma mitengo iwiri ya bulugama yoterera ndi ndere. Ndinavula nsapato, kukwinya chitenje mpaka m'mawondo, n'kuwoloka chokwawa, madzi akuda akuthamanga pansi panga. Kutsidya tinapeza mayi akupeta mphale pafupi ndi mulu wa njerwa zosawotcha, ana awiri atamukangamira m'miyendo. Anatipatsa njerwa ziwiri kuti tikhalire. Nditamufunsa ngati anamvapo za sikelo ya kutchalitchi, anati anamva, koma ankayesa ndi ya anthu a mpingo umenewo okha.